Kukatenga Dothi la Achimwene

Amayi ananena kamodzi kokha pa foni, osabwereza. Anati nthochi yoti idulidwe aisankha kale, akalipentala alipo, koma m'manda a kwathu ku Ntcheu simulowa kanthu popanda dothi la pamene mwana wawo anaponda komaliza.

"Osati lapamwamba lopondedwa ndi aliyense," anatero. "Ukumbe mpaka mkono ulowe kulekeza m'chigongono."

Kwathu munthu akamira osapezeka, timaika thunthu la nthochi m'bokosi m'malo mwake kuti maliro athe. Achimwene anga a Limbani anamira mu Julaye, kumpoto kwenikweni kwa Canada, kumene ankagwira ntchito yotuta miyala yotchingira gombe. Tsiku lopuma anapita kukavuula ukonde ndi mwini dera wina dzina lake Willie, bwato linagudubuka, Willie anatuluka, achimwene ayi. Kuyambira pamenepo amayi anakhala pamphasa ya maliro, osapita kumunda, osameta, kudya kwake kongolawa. Mlongo wanga amene amakhala nawo anandiuza kuti miyendo yayamba kuwatupa. Dothi likapanda kufika, pamphasapo sadzukapo, ndipo tonse tinkawadziwa mokwanira kuti sakuopseza.

Tinakumana kwa azakhali ku Falls Church, ku Virginia kuno ku America, Lamlungu titaweruka kutchalitchi. M'nyumba munadzaza anthu a masukulu awo, aliyense ndi foni m'manja kufufuza mitengo ya ndege, ana akuthamangathamanga n'kumayankha m'Chingerezi akafunsidwa m'Chichewa. Nkhani inazungulira mpaka bambo wina wovala jekete, amene sindimutchula dzina, anati bwanji tingotapa dothi m'mbali mwa mtsinje wa Potomac pompano, gogoyo adziwa bwanji. Anthu awiri atatu anaseka. Ine sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji, ndimangokumbuka tebulo ili chagada, masikono ali mbwee pakapeti, azakhali atandigwira malaya akuti Yamikani, Yamikani, m'nyumba mwanga muno.

Amene anandikokera panja anali a Daka, bambo wa ku Petauke ku Zambia, okhala ku Annandale, oyendetsa mathiraki a maulendo ataliatali. Iwowa ndi amene anaphunzitsa achimwene kugwira chiwongolero. Anayatsa fodya, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati msewu wofika kunyanja ya kumpotoyo ulipo ndipo pikapu yawo ikhoza kufika ngati Mulungu alola.

"Koma mvera, mfana. Chiwongolero ni changa, pakamwa pako ni potseka. Ukayamba vya matebulo, nikusiya pa msewu."

Ku weyahausi ya ku Landover komwe ndinkanyamula makatoni anandikaniza tchuthi. Ndinavula chovala chawo chonyezimira chija n'kuchisiya patebulo la kapitawo. Azakhali anandipatsa kakhasu kawo kolimira nkhwani kuseri kwa nyumba, kamene anabwera nako kuchokera kumudzi, ndi kontena ya pulasitiki ya chivundikiro cholimba, yomwe amatengeramo chakudya kuchipatala kumene amagwira ntchito. Ine ndinawonjezapo changa chimene sindinauze munthu: sipanala yaikulu, yomwe ndinailowetsa pansi pa mpando. Dzina la Willie ndinali nditaliloweza.

Tinanyamuka m'mawa poganiza kuti tithawa mzere wa magalimoto, koma msewu waukulu wa Beltway unatigwira ngati msampha. Panali ngozi cha kutsogolo. Tinadutsa pang'onopang'ono pafupi ndi galimoto yophwanyika, nsapato imodzi ili pakati pa msewu, a Daka anangoti mmm, natsitsa wailesi. Pennsylvania inali mapiri ndi zipata zolipiritsa, Ohio chimanga chokhachokha. Ku Chicago ndinatukwana munthu amene anatidula kutsogolo, mutu uli panja pa zenera, a Daka anakweza galasi pang'onopang'ono mpaka linandikhudza pakhosi. Tinkagona m'galimoto momwemo pa malo oimapo mathiraki, n'kumasamba kumaso m'zimbudzi zawo. Chakudya chinali buledi, nyemba za m'chitini ndi nkhuku yokazinga imene azakhali anatilongedzera, yomwe inatha tisanatuluke mu Wisconsin.

Pachipata cholowera Canada, kumpoto kwa North Dakota, wapolisi wa m'malire anali mtsikana wa nkhope yosasekerera. Anaona pasipoti ya a Daka, anaona yanga ndi khadi langa lokhalira ku America, n'kufunsa chimene tikukachita kutali konseko. Ndinamuuza zoona, kuti tikukatenga dothi. Anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anatilozera pambali.

Anatsitsa chilichonse. Sipanala anaiona, anaibweza. Chimene chinawavuta chinali kakhasu ka azakhali, chifukwa kanali ndi matope ouma a ku Virginia, ndipo dothi lachilendo sililowa m'dziko mwawo. Tinadikira pabenchi kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, kudikira munthu wodziwa za dothi amene anali atapita kukadya. Atabwera anandifunsa ngati ndikukakumba golide. Ndinayamba kudzuka, koma nsapato ya a Daka inali itatsika kale pa chala changa chachikulu ndi kulemera kwawo konse. Iwo ndi amene anafotokoza, mofatsa, za mayi amene wakhala pamphasa. Munthu uja anatipatsa ndowa ndi burashi. Ndinatsuka kakhasuko pamaso pawo mpaka kanawala, ndipo anatilola.

Saskatchewan ndi dziko loti ukaona mtengo m'mawa umaufika masana. Mphepo inkakankha pikapu ngati ikufuna kutibweza. Mlongo wanga ankatumiza mauthenga tsiku lililonse, ndipo onse ankafanana: lero amwa phala pang'ono, lero akana, afunsa kuti mwafika pati. Ndinkamuuza mayina a matauni, Regina, Saskatoon, Edmonton, iye n'kumawauza amayi, amayi n'kumangogwedeza mutu ngati akuwadziwa.

Titapitirira Fort Nelson thambo linasanduka lofiirira. Nkhalango inkapsa kwinakwake kutsogolo, ndipo anatseka msewu. Tinaima pamzere ndi mathiraki ndi magalimoto a azungu okalamba oyenda ndi nyumba zawo kumbuyo. Phulusa linkagwa pagalasi ngati ufa. Dzuwa unkatha kuliyang'ana ndi maso osaphethira, lofiira ngati chilonda. Tinagona pomwepo, kudzuka, kudikiranso. Mkulu wina wa thiraki ya mafuta atamva komwe tikupita anayang'ana matayala athu, anawaponda ndi phazi, natiuza kuti tigule ena awiri apadera ku Whitehorse, apo ayi tikagona m'tchire ndi zimbalangondo. Atatsegula msewu tinadutsa pakati pa mitengo yakuda yofuka utsi, mbali zonse ziwiri, kwa nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba mpaka kupsa. Pamsewu panali njati za kumeneko zitangoima, zosasuntha ngakhale uimbe hutala.

Matayala tinagula. Pafupi ndi Dawson tinasiya msewu wa tala n'kukhotera kumpoto pa msewu wa miyala, ndipo foni inafa. Miyala yake ndi yakuthwa ngati mipeni. Tayala loyamba linaphulika tisanafike pa Eagle Plains, pamalo poti kulikonse ukayang'ana palibe nyumba, palibe utsi, palibe ngakhale mbalame. Udzudzu wokha, wambiri moti unkalowa m'kamwa. Ndikumasula manati, a Daka anaima pambali panga atanyamula sipanala yanga ija.

"Iyi sikwana pa nati iliyonse ya motoka yanga," anatero. "Ni ya tayala liti?"

Ndinapitiriza kumasula manati.

"Amai ako anakutuma dothi. Sanakutume mutu wa munthu. Ukamumenya uja, bakumanga kwamene kuno, manje dothi azapeleka ndani? Ine? Nizakauza chani amai ako, ati mwana winanso asala kwamene kuja?"

Ndinawauza kuti munthu amene watenga mnzake pabwato n'kubwerako yekha ayenera kufunsidwa bwino. Anati kufunsa n'kwa pakamwa, naiponya sipanalayo kumbuyo, pansi pa matayala.

Kuchokera pamenepo mitengo inayamba kufupika. Inafika m'chiuno, kenako m'mawondo, kenako inatha. Dzuwa silinkalowa bwinobwino, linkangotsetsereka m'mbali mwa dziko n'kubwereranso, moti tulo tinasokonekera ndipo ndinayamba kuona zinthu. Kawiri konse ndinaona munthu ataima patali atavala jekete yofiira ngati ya achimwene, tikayandikira n'kupeza ndi mgolo.

Pa mtsinje wa Peel palibe mlatho, magalimoto amawoloka pa pantoni. Tinapeza pantoniyo itaima. Mvula inagwa kumapiri, madzi anakwera n'kukokolola potsikira, ndipo mitengo yathunthu inkayandama ikutsika ndi mtsinje. Anati tidikire madzi aphwe, thalakitala ikonze. Liti? Munthu wa pantoni anangotambasula manja. Tinakhala pamenepo mpaka buledi anatha. Ndinakangana naye munthuyo kawiri, kachiwiriko ndinamenya chibakera pa chikwangwani chawo n'kudzisupula khungu, iye anangondiyang'ana ngati akuona mwana akugubuduka pansi.

Mayi wina wa komweko, amene ankadikira nafe ndi adzukulu ake, anatipatsa nsomba youma ndi tiyi. Anafunsa kwathu, ndipo a Daka atatchula za achimwene, mayiyo anasiya kutafuna. Nkhaniyo ankaidziwa. Anati dera lonse linaimva, anthu anafufuza ndi mabwato mpaka mafuta kuwathera, ndipo Willie anapitiriza yekha ena atasiya. Anati pakadoko pamene achimwene anamirapo anthu akale sankamangapo msasa. Nditafunsa chifukwa, anati pansi pake sipakhala malo amodzi, kenako anatembenukira adzukulu ake n'kuyamba kuwapukuta m'manja.

Tinawoloka, tinawolokanso mtsinje wina waukulu kuposa pamenepo, tinagona ku Inuvik, m'mawa mwake n'kutsiriza kachigawo kotsala. Dziko la kumeneko ndi lathyathyathya, lodzaza maiwe, ndipo apo ndi apo pali timapiri tozungulira ngati zulu zikuluzikulu. A Daka anamva kwa munthu wa pa filing'i siteshoni kuti m'kati mwa timapirito mulibe mwala, ndi madzi oundana okhaokha. Ndinaseka, ndinati anthu a kuno amanamiza alendo. Msewu unathera pa Tuktoyaktuk, pa nyanja yotuwa ngati lata lakale. Nyumba zonse zinali pamiyendo, zosakhudza pansi.

Willie anatipeza yekha, uthenga unali utamufika kale. Ndinkayembekeza chimunthu. Anabwera bambo wamfupi, wa imvi, wotsimphina pang'ono, chipewa chili m'manja. Anatambasula dzanja, ine ndinaika anga m'thumba. Analibweza osakwiya, nati kukadokoko kulibe njira ya pamtunda, n'kwa bwato basi, ndipo ngati tikufuna kupita ndi pompano, chifukwa mphepo itembenuka masana ndipo ikatembenuka ikhala choncho mpaka sabata yamawa.

A Daka anayang'ana kabwatoko, anayang'ana nyanja, anati iwo ntchito yawo inali ya msewu ndipo yathera pano. Anandinong'oneza kuti ndikumbukire amene akudziwa njira yobwerera. Ine kusambira sindidziwa. Ndinavala chovala choyandamitsa chimene Willie anandipatsa, n'kumufunsa ngati achimwene anavala chotere. Anati anavala, koma anachivula pokoka ukonde chifukwa chinkawathina m'khwapa.

"Ndiye iwe unangowayang'ana?"

"Ndinamuuza kamodzi," anatero m'Chingerezi chake chapansipansi. "Ndikanamuuza kawiri."

Anandimangitsa malamba onse, nawakoka yekha kuti aone ngati alimba, ndipo tinanyamuka. Ndinakhala kutsogolo nditamufulatira, kakhasu pamiyendo. Msana wanga wonse unkamumva.

Kadokoko kali ndi dzina la mzungu wina pa mapu, ndipo eni ake ali ndi lawo limene lilime langa linakana. Ndi kakang'ono, ukhoza kukazungulira wapansi tiyi asanazizire. Nyanja inalowa m'mtunda ngati pamene khasu lajemula, ndipo pakamwa pake patchingidwa ndi mchenga wautali wopyapyala, kusiya kampata koti bwato limodzi lidutse. Willie anati mpatawo umasamuka, chaka chino uli apa, chaka chamawa uli apo, ndipo mphepo ikachokera kumpoto chakumadzulo madzi amaunjikana pamenepo n'kuimirira. Ndi pomwe anagudubukira. Tinadutsapo injini itachepetsedwa, iye akuyang'ana madzi, ine ndikuyang'ana pansi pa bwato.

M'kati munali bata loipa. Madzi ake ndi amatope, osaya, osaonetsa pansi. Pamchenga panali mitengo youma yoyera ngati mafupa, milumilu, m'dziko lopanda ngakhale mtengo umodzi. Willie anati imabwera ndi mtsinje waukulu uja kuchokera kum'mwera. Kumtunda kwake kuli chiphompho chakuda, chotalika ngati nyumba, chofukulika kunsi, udzu wapamwamba ukulendewera ngati denga lakugwa. Chinkadontha paliponse ngakhale kunalibe mvula. Kunkanunkha ngati khola lakale.

Tinakwera pamwamba podutsa mbali yotsetsereka. Ndinamuuza kuti andionetse pamene achimwene anaima komaliza. Anati anafikira pano kudzaphika tiyi asanapite ku ukonde, nayenda mpaka pafupi ndi m'mphepete, n'kuloza. Ankaloza m'madzi, kutsogolo kwathu, mtunda wonga kutalika kwa basi.

Ndinamufunsa ngati akundiseka. Anati ayi, mu Julaye pamenepo panali pamtunda, panali miyala itatu ya moto wawo, koma namondwe wa mwezi uno anadya gombe lonselo. Ndinaponya kakhasu pansi. Ndinamugwira pakhosi pa jekete ndi manja onse awiri, ndinamukweza mpaka zidendene zake zinasiya pansi. Anali wopepuka ngati mwana. Ndinali nditayenda dziko lonse la America ndi Canada kudzatenga dothi la pamalo amene kulibe, ndipo munthu amene ndinamugwirayo sankadziteteza n'komwe, manja ake anali lende.

Kumanzere kwathu kunamveka ngati nsalu yaikulu ikung'ambika. Chigawo cha gombe chachikulu ngati pikapu ya a Daka chinapendekeka pang'onopang'ono, udzu wake uli pamwamba, n'kugwera m'madzi. Pansi pamene tinaima panagwedera. Pamene chinachokapo panatsala khoma lonyezimira.

"Kumba msanga," anatero Willie, ndidakamugwira. "Mphepo yayamba."

Ndinamusiya. Ndinasankha pafupi kwambiri ndi m'mphepete pamene ndikanatha kufika, moyang'anana ndi pomwe analoza, ndinagwada. Pamwamba panali ndere ndi timizu, zofewa ngati matiresi. Pansi pake dothi lakuda lonyowa, lokwana chikhatho chimodzi. Ndinalikankhira pambali, poti amayi anati lapamwamba ayi. Nditatemanso, kakhasu kanalira ngati kamenya chitsulo, ndipo mpini unandinjenjemeretsa mpaka m'mapewa. Ndinatema, ndinatemanso, tizidutswa takuda tolimba tikuthethekera kumaso. Zala zinafa. Ndili pakati pokumba ndinamva chinthu chikundikoka m'chiuno, ndipo nditacheuka ndinapeza Willie wakhala pansi kumbuyo kwanga, zidendene atazikhomera m'ndere, manja onse awiri atagwira lamba wanga. Patsogolo pa mawondo anga panali mng'alu umene sindinauone pogwada.

Sindinamuuze kuti andisiye. Ndinakumba mpaka mkono unalowa kulekeza m'chigongono, ndinatola zibuma za pansi penipeni, zakuda, zolemera, zozizira moti zinkawotcha, n'kudzaza kontena ya azakhali mpaka pakamwa. Willie anayang'ana m'kontenamo, anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma mphepo inamuchotsa chipewa ndipo tinathamangira kubwato. Pa kampata kaja madzi anali atayamba kale kuimirira. Funde limodzi linatilowera, ndinakumbatira kontena n'kutseka maso, ndipo nditawatsegula tinali kunja.

Pagombe a Daka anayang'ana nkhope ya Willie kaye, kenako manja anga, asanafunse za dothi. Posiyana, Willie sanatambasulenso dzanja. Ndine ndinayamba.

Tinabwerera ku Inuvik madzulo omwewo, hita yotenthetsa m'galimoto ili pamwamba chifukwa zovala zanga zinali zonyowa, kontena ili pansi pafupi ndi mapazi anga. M'mawa mwake pokweza katundu ndinainyamula, ndipo inalira khuvu. Ndinatsegula. Zibuma zija zinali zitasungunuka, munali madzi akuda, odzaza kupitirira theka, timizu tikuyandama. Nditapendeketsa, pansi pake panali matope ochepa oti n'kukwana pachikhatho.

Ndinauza a Daka kuti tibwerere kukadoko kuja. Anandilozera mbendera ya pa hotela, itaongoka ngati thabwa ndi mphepo, nandikumbutsa mawu a Willie a sabata yamawa. Anati ndikadatenga lapamwamba lija likanakhala dothi ndithu. Ndinamenya chitseko cha pikapu ndi phazi mpaka chinabonyoka, iwo anangondisiya. Nditatopa anandipatsa foni yawo, poti pamenepo netiweki inalipo, nati kwathu dzuwa silinalowe.

Anayankha mlongo wanga, n'kuwaikira amayi foni pakhutu. Mawu awo anali aang'ono moti ndinachita kutseka khutu linalo. Ndinawauza zonse, za gombe lakugwa, za pansi polira ngati chitsulo, za zimene zatsala m'kontena. Ndinati amayi, ndalephera, ndabwera ndi madzi. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi mwana wa wina akulira chapatali.

"Unakumba mpaka pati?"

"Mpaka m'chigongono, amayi."

"Ndiye ndi zomwezo. Si madziwo amene ali naye? Usatayeko ngakhale dontho."

Kenako ndinawamva akuuza mlongo wanga, osati ine, kuti awagwire mkono adzuke, ndipo akauze amalume ayambe kunola chikwanje.

A Daka anazunguliza tepi pa chivundikiro katatu konse. Kutsogolo kwathu kunali msewu wonse wa miyala uja, mapantoni awiri ndi chipata cha m'malire, ndipo tayala lapadera linatsala limodzi. Kontena ndinaiika pamiyendo n'kuigwira ndi manja awiri. Pa bampu iliyonse inkalira.